Mwera Timaudziwa, Nanga Chiperoni?



Lachisanu likafika, msewu wa ku Mangochi umachuluka magalimoto a anthu a m'tauni. Ena amatsikira ku Nkopola, ena amapitirira mpaka ku Monkey Bay ndi ku Chembe, pomwe a ku Lilongwe amatsetserekera ku Senga Bay. Amagona masiku awiri, amasamba m'nyanja, amadya chambo, Lamulungu masana n'kutembenuka ulendo wa kwawo. Ife eni nyanja timawagulitsa nsomba, timawapalasira bwato, timawauza pamene pali mwala ndi pamene pali ng'ona. Koma ndi angati mwa ife amene adadzifunsapo kuti, kodi ifeyo tidzanyamuka liti kukaona kwa anzathu?

Maulendo amene tidazolowera ndi a maliro, a ukwati, a ziyala, a kuchipatala ndi a geni. Ulendo wongopita kukaona malo timauyesa wa azungu, kapena wa munthu amene ndalama zikumuyabwa m'thumba. Ana athu sakuganiza choncho. Amene ali pa sukulu ndi pa ntchito ku Zomba, ku Blantyre ndi ku Lilongwe akuona zithunzi za anzawo pa Facebook ndi pa WhatsApp ataima pamwamba, mitambo ili kunsi kwa mapazi awo, ndipo dzina limene lili pakamwa pawo ndi Mulanje. Ena akukonza zopita pagulu, ena ati apita okha kuti akapumitse mutu. Makolo ena akuwaletsa osadziwa chimene akuletsa, enanso akuwalola osadziwa chimene akuloleza.

Mau athu pa nkhaniyi ndi awa. Ulendo wa ku Mulanje ndi wabwino, umatheka m'masiku atatu, ndipo banja la kunyanja likhoza kuukwanitsa. Pa msewu mnyamata wamkulu akhoza kuyenda yekha. Koma m'phiri asalowe munthu yekha, ngakhale akhale wamphamvu chotani. Chifukwa chake tifotokoza kutsogoloku, koma tiyambe tafika kaye.

Kuchoka kunyanja kukafika pa Chitakale

Wochokera ku Mangochi amadzera ku Liwonde ndi ku Zomba mpaka ku Limbe, mtunda wa makilomita pafupifupi 190. Pa Limbe pali misewu iwiri. Waufupi ndi wa Midima, umene umatchedwanso Robert Mugabe Highway, wodzera pa Nkando. Wautali ndi wodzera ku Bvumbwe, ku Thyolo ndi ku Luchenza, umene umadutsa pakati pa minda ya tiyi. Yonse iwiri imakutulani pa Chitakale, pamene pali msika ndi pokwerera galimoto, pafupi ndi boma la Mulanje. Palinso msewu wachitatu wochokera ku Zomba kudzera ku Jali ndi ku Phalombe, umene umayenda m'mphepete mwa phiri n'kudzathera pa Chitakale pomwepo. Kuchoka pa Chitakale kukafika ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya zankhalango ndi khomo lolowera m'phiri, ndi makilomita pafupifupi 10 pa msewu wa ku Phalombewo. Maminibasi ndi akabaza amapezeka.

Wa ku Mangochi anyamuke Lachisanu m'bandakucha, kuti swala ya Juma akaipeze ku Zomba kapena ku Limbe, ndipo dzuwa likamalowa akhale atafika kale pogona. Loweruka ndi tsiku la phiri. Lamulungu ndi lobwerera. Abale a ku Salima ndi ku Nkhotakota ulendo wanu ndi wa tsiku lathunthu kupita, lathunthunso kubwera, choncho dikirani tchuthi chimene chagundana ndi mapeto a sabata, monga cha pa 6 Julaye kapena cha pa 15 Okutobala, kapena nthawi imene ana atsekera sukulu.

Miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Juni ndi Julaye kumazizira kwambiri. Seputembala ndi Okutobala kumafunda, koma utsi wa moto wa m'tchire umabisa malo akutali. Kuyambira Disembala mpaka Epulo ndi nyengo ya mvula, miyala imaterera ndipo timitsinje timadzaza mwadzidzidzi. Ulendo woyamba usakhale wa miyezi imeneyo.

Musananyamuke khalani pansi ndi pepala. Lembani ndalama ya galimoto kupita ndi kubwera, ya pogona masiku awiri, ya chakudya, yolipira pa chipata cha nkhalango, ya wolondolera njira, ndi ina yapadera yokwanira kugona tsiku limodzi loonjezera ngati galimoto yafa panjira. Mitengo imasintha mwezi ndi mwezi, ndiye funsani kwa amene wabwerako kumene. Ndalama ya ulendo isachoke pa fizi ya ana, pa ya feteleza kapena pa yokonzera ukonde, ndipo isakhale ya katapila. Bambo amene wasiya nyumba yopanda ufa n'kupita kukajambulitsa pa mathithi wathawa udindo, ngakhale iye anene kuti akukapuma. Banja likamaponya pang'ono m'kabokosi mwezi uliwonse usipa ukagwa bwino, pakutha pa chaka ulendo umakhala utakwanira.

Swala ndi chakudya panjira

Ambiri amaopa ulendo poganiza kuti swala ziwadutsa. Chipembedzo chathu chidaupeputsa kale ulendo. Malinga ndi chiphunzitso cha Imam Shafi, chimene ambiri a ife timatsata, munthu amene akuyenda mtunda wa makilomita pafupifupi 81 kapena kuposerapo amaloledwa kupungula swala za maraka 4, zomwe ndi Dhuhuri, Asri ndi Isha, n'kuswali maraka 2. Subuhi ndi Magharibi sizipungulidwa. Amaloledwanso kuphatikiza Dhuhuri ndi Asri nthawi imodzi, chimodzimodzi Magharibi ndi Isha. Chilolezo chimenechi chimagwira ntchito ngati sadatsimikize zokhala pamalopo masiku 4 athunthu, osawerengera tsiku lofika ndi lochoka, kotero ulendo wa mapeto a sabata uli m'kati mwake. Mukaswali pambuyo pa imamu wa pamudzi pomwepo, mukwaniritse maraka onse pamodzi naye.

Ana athu okhala ku Limbe achenjere apa, chifukwa kuchoka ku Limbe kukafika ku Mulanje pa msewu wa Midima mtunda sufika pa mlingo umenewu. Afunse kwa ashehe awo asanayambe kupungula. Ponena za kibula, mukakhala ku Mulanje yang'anani kumpoto, mupendekere pang'ono chabe kum'mawa.

Asilamu ku Mulanje alipo ndipo mizikiti ilipo. Mukatsika pa Chitakale funsani, akulozerani. Kumzikiti n'kumenenso mungamve za malo ogona aulemu, otalikirana ndi phokoso la mowa, ndi za amene amazinga nyama moyenera. Ngati mwakayika za nyama, ndiwo zina n'zambiri. Mulanje ndi kwawo kwa nandolo, nyemba, zinanazi ndi mapeyala, ndipo abale athu a Chilhomwe ali ndi kalongonda wawo, amene amafuna kuphikidwa nthawi yaitali ndi munthu womudziwa. Musaiwale kutenga kathumba ka usipa wouma kapena utaka. Kumapiri nsomba ya kunyanja ndi mphatso yolemekezeka, ndipo mlendo wofika ndi kanthu m'manja sachedwa kupeza abale.

Amayi ndi atsikana, monga tikudziwa, ulendo wautali wotere amayenda ndi amuna awo, bambo awo kapena alongo awo. Koma lamulo limeneli lisasanduke chifukwa chowasiyira pakhomo chaka ndi chaka. Mayi amene amadzuka usiku kukachingamira usipa, kuuyanika ndi kuugulitsa ndiye woyamba amene ayenera kuona mathithi a Likhubula. Abambo, atengeni.

Zoona m'munsi mwa phiri

Sikuti aliyense wopita ku Mulanje ayenera kukwera pamwamba. Agogo ndi ana aang'ono ali ndi zambiri zoona pansi pomwe.

Choyamba ndi tiyi amene timamwa m'mawa uliwonse osadziwa mtengo wake. Munda woyamba wa tiyi wa malonda udabzalidwa ku Lauderdale, m'munsi mwa phirili, m'chaka cha 1891, ndi mzungu wina dzina lake Henry Brown, ndipo Mulanje amawerengedwa pakati pa malo oyambirira kulima tiyi wa malonda mu Africa muno. Minda yake imabiriwira chaka chonse chifukwa phiri limakoka mvula yambiri. Ana aone momwe anthu amathyolera nsonga zanthete zokhazokha n'kuponya m'dengu la kumbuyo, tsiku lonse ali chiimire, kuti adziwe thukuta limene lili m'kapu yawo. Mindayi ili ndi eni ake, ndiye pemphani musanalowe, ndipo musajambule munthu ali pa ntchito musanamufunse.

Chachiwiri ndi Dziwe la Nkhalamba, mathithi a pa mtsinje wa Likhubula. Kuchoka pa ofesi ya zankhalango ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi wapansi, wokwera pang'onopang'ono, umene mayi ndi mwana wa sukulu akhoza kuyenda. Madzi amagwa kuchokera pathanthwe n'kudzaza dziwe loyera ngati galasi. Mtsinje womwewu ndi umene kuyambira 2019 umatumiza madzi m'mapaipi kukamwetsa anthu a mbali zina za Blantyre. Apa tichenjeze anyamata athu. Inu mudabadwira m'madzi, mumasambira kuyambira musanadziwe alifu. Koma madzi a m'nyanja ndi ofunda, pomwe a m'dziwe limeneli ndi ozizira kwambiri, dziwe ndi lakuya, ndipo pansi pa mathithi madzi amazungulira. Thupi likalowa mwadzidzidzi m'madzi ozizira chotero, mpweya umabanika ndipo minofu imauma. Anthu angapo adamirapo pamenepa. Sambani m'mphepete, musadumphe kuchokera pamiyala, ndipo mverani wolondolera njira wanu.

Chachitatu ndi mbiri, ndipo mbiri imeneyi ikutikhudza. Amene adzera msewu wa ku Phalombe adzaona mpata waukulu pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi. Mumpata umenewo muli mabwinja a Fort Lister, linga limene Angerezi adamanga m'chaka cha 1893. Lero malowa ali m'boma la Phalombe, limene lidapatulidwa ku Mulanje mu 1998. Njira ya amalonda ochokera chakunyanja kupita ku Quelimane, m'mbali mwa nyanja ya mchere, inkadzera pamenepa, itanyamula minyanga ya njovu ndiponso anthu ogulitsidwa ukapolo. Mafumu a Chiyao monga Mkanda ndi Matipwiri adalimbana ndi Angerezi m'dera limeneli m'zaka za m'ma 1890. Ana athu aimve mbiri imeneyi yonse kuchokera kwa ife makolo awo, mbali yonyaditsa ndi mbali yochititsa manyazi yomwe. Kugulitsa munthu kudali kuipa, posatengera kuti wogulitsayo adali wa mtundu wanji kapena ankapemphera kuti.

Pamwamba pali dziko lina

Tsopano tikwere. Mulanje si phiri la nsonga imodzi ayi. Mukakwera chitunda choyamba mumafika pa malo aakulu a udzu, okwera mamita pafupifupi 2,000, odukaduka ndi zigwa ndi mitsinje, ndipo pamenepo m'pamene nsonga zambiri zimayambira. Yaitali kuposa zonse ndi Sapitwa, mamita 3,002, malo okwera kwambiri m'Malawi muno. Ina yotchuka ndi Chambe, imene khoma lake la mwala la kumadzulo mumaliona muli pa msewu. Mitsinje ya Ruo, Thuchila, Lichenya ndi Likhubula imayambira pamwamba pomwepa.

Pamwambapo pali tinyumba togona alendo, monga ta ku Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo ndi Sombani. Kanyumba kalikonse kali ndi mlonda, poyatsa moto ndi madzi pafupi, koma chakudya ndi zofunda mumabwera nazo nokha. Kuchoka ku Likhubula kukafika ku Chambe ndi maola 3 kapena 4 okwera chitunda chenicheni. Kwa munthu wa masiku atatu, kukwera ku Chambe Loweruka m'mawa, kugona komweko, ndi kutsika Lamulungu m'mamawa n'kokwanira, bola galimoto yobwerera aipeze nthawi ikadalipo. Sapitwa imafuna masiku ochulukirapo. Mumayenera kukagona kaye ku Chisepo, ndipo kuchokera pamenepo n'kukwawa pa miyala ikuluikulu maola angapo kupita ndi angaponso kubwerera. Amene akufuna kuikakamiza m'mapeto a sabata imodzi akuitana tsoka.

Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO lidalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Ndi malo achitatu a m'Malawi kulowa m'kaundulayo, pambuyo pa paki yathu ya m'nyanja ku Cape Maclear mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Chimene adalilembera ndi ulemu umene Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe ozungulira phirili akhala akulipatsa kuyambira kale. Mukafika mudzamva nkhani za mizimu ya m'phiri, za chakudya chopezeka panjira chopanda mwini, ndi za anthu osowa. Dzina lakuti Sapitwa lenilenilo likunena za malo osapitako. Ife chikhulupiriro chathu tikuchidziwa, sititsira nsembe pa mwala kapena pa dziwe. Koma mlendo sanyoza za eni mudzi. Mverani mwaulemu, ndipo muzindikire kuti makolo amene ankaletsa ana awo kupita ku nsonga imeneyo adali ataona anthu akupita osabwerako.

Chifukwa chake musakwere nokha

Mlendo wa m'tauni akafika padoko mwezi wa Julaye m'mawa, nyanja ili bata, n'kunena kuti abwereke bwato apalase yekha mpaka pachilumba, msodzi aliyense amapukusa mutu. Mlendoyo akuona madzi ogona. Msodzi akuona mtundu wa mitambo ya kum'mwera, akumva kamphepo pa khutu, ndipo akudziwa kuti pofika masana mwera ukhala utadzuka. Nzeru imeneyo sadaiwerenge m'buku. Adaitola kwa bambo ake ndi kwa anzake amene nyanja idawatenga.

Ku Mulanje mlendo uja ndife. Mphepo yomweyo ya kum'mwera chakum'mawa imene imadzutsa mwera panyanja m'miyezi yozizira, ikafika ku Mulanje imabwera ndi chinyezi cha ku nyanja ya mchere, n'kugunda phiri, n'kusanduka nkhungu ndi mvula yowaza. Imeneyo ndiyo chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene imachokera. Kumwamba kukhoza kukhala koyera m'mawa, koma pasanathe ola nkhungu n'kutseka moti mnzako ali pa mapazi khumi osamuona. Nthawi zina imakhala masiku awiri kapena atatu osachoka. Njira za pamwamba m'malo ambiri zimadutsa pa mwala wopanda mapazi a munthu, ndipo kumbali kuli maphompho.

Kenaka pali kuzizira, kumene ife a kunyanja sitikudziwa. Nyanja yathu ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pa nyanja ya mchere. Mukakwera mamita 1,000 alionse, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Ndiye kuti pa Sapitwa pamazizira ndi madigiri pafupifupi 15 kuposa pa doko la kwanu, tisanawerengere mphepo. Mu Juni ndi Julaye madzi amatha kuundana usiku pamwambapo. Zovala zikanyowa ndipo mphepo ikuomba, thupi limataya kutentha msanga kuposa momwe lingakubwezere. Munthu amayamba kunjenjemera, kenaka lilime limalemera, miyendo imagwedera, nzeru zimasokonezeka, tulo timabwera. Choopsa chake n'chakuti mwini wakeyo sazindikira kuti akudwala. Amafunika wina pambali pake woti amuone, amuvule zonyowa, amufunditse, amumwetse zotentha. Munthu ali yekha alibe womuchitira zimenezi.

Izi si nthano. M'chaka cha 2003 mtsikana wina wa ku Netherlands adanyamuka yekha kulunjika ku Sapitwa, ndipo ngakhale adamufunafuna kwambiri, sadapezeke. Mu Julaye 2009 mnyamata wa ku Brazil, wophunzira bwino, amene adali atayenda maiko ambiri, adasiya womulondolera m'munsi n'kupitirira yekha ku nsonga yomweyo. Nyengo idasintha. Thupi lake lidapezeka patapita masabata oposa awiri, ndipo chidamupha ndi kuzizira. Onsewa adali achinyamata amphamvu, ndipo kwawo adasiya makolo ngati ife.

Wina anena kuti ali ndi foni, mapu ali momwemo. Foni ndi yothandiza, koma m'zigwa zambiri za m'phiri mulibe netiweki, batire limatha msanga pozizira, ndipo mapu sakuuzani kuti mwala uwu lero ukuterera kapena kuti kamtsinje aka kadzaza chifukwa kwagwa mvula kumtunda. Ngakhale amene adakwerapo kale asadzithembe. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula mbali zina za phirili, matope ndi miyala zidakokolola midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Akuluakulu akukumbukanso napolo wa ku Phalombe wa mu Marichi 1991. Madzi otere amasintha njira ndi mawoloko. Amene amadziwa momwe njira ilili lero ndi amene waiyenda sabata yatha. Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Anthu amenewo alipo, ndipo ndi ntchito yawo. Pa ofesi ya zankhalango ku Likhubula lembetsani dzina lanu, nenani kumene mukupita ndi tsiku lotsika, ndipo pemphani wolondolera njira wodziwika pa ofesipo. Musangotengana ndi aliyense amene wakuthamangirani potsika minibasi. Gwirizanani mtengo musanayambe kuyenda. Ngati katundu ndi wolemera tengani womunyamula, ndipo musamusenzetse mopitirira muyeso. Anyamata amenewa adakulira m'phirimo. Chaka ndi chaka mu Julaye amachita mpikisano wothamanga makilomita oposa 20, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya ndi kutsikira ku Likhubula, ndipo opambana amamaliza m'maola osakwana atatu njira imene mlendo amayenda masiku awiri. Munthu wotere akanena kuti lero tibwerere, bwererani, ngakhale nsonga ikuoneka pafupi. Mulipireni mokwanira ndi pa nthawi yake, chifukwa ndalama imeneyo ndi imene imadyetsa ana ake, monga momwe ya alendo a padoko imadyetsera athu.

M'chikwama mukhale juzi yokhuthala, jekete yosalowa madzi, chipewa, masokosi apadera, bulangete, tochi, machesi okulungidwa m'pulasitiki, botolo la madzi, ndi chakudya choposa chimene mukuganiza kuti mudya. Nsapato zikhale zogwira pansi. Patapata ndi wa kunyanja. Nkhungu ikakutsekerani, imani pamodzi pamalo obisika ku mphepo, valani zonse zimene muli nazo, ndipo dikirani. Musatsate mtsinje poganiza kuti ukufikitsani kumudzi, chifukwa mitsinje ya m'phiri limeneli imatsika podumpha maphompho.

Kwa mnyamata wofuna kuyenda yekha

Sitikunyoza mtima wofuna kukhala pawekha. Munthu amatopa ndi phokoso la m'tauni, ndipo kukhala chete pamalo okongola n'kumalingalira za Mlengi ndi chinthu chabwino. Kuyenda wekha kumaphunzitsanso kusunga ndalama, kufunsa njira mwaulemu ndi kudzisamala. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ibn Battuta, mlendo wotchuka wa Chisilamu, adachoka kwawo ku Tangier m'chaka cha 1325 ali ndi zaka 21, ali yekha, ndipo adayenda zaka pafupifupi 30, mpaka adafika ku Mombasa ndi ku Kilwa. Koma pofika m'zipululu ndi m'njira zoopsa ankadziphatika ku magulu a apaulendo ndi kutsata odziwa njira. N'chifukwa chake adabwerera kwawo wamoyo n'kukasimba zimene adaona. Chipembedzo chathu nachonso chimatilimbikitsa kukhala ndi mnzathu wa paulendo, makamaka usiku ndi m'malo opanda anthu, ndiponso kuti gulu lisankhe mmodzi wolitsogolera.

Choncho, mwana wathu, ngati wapita wekha, tsanzika kwa makolo ako ndipo uwauze zoona za kumene ukupita. Uwapatse dzina la malo ogona ndi tsiku lobwerera. Tenga chiphaso chako cha unzika. Ndalama zina zikhale m'foni, ku Airtel Money kapena ku Mpamba, zina m'thumba. Usayende usiku pamalo posadziwa. Ukafika ku Likhubula kuyenda wekha kwathera pomwepo, tenga wolondolera njira. Iye sakulanda bata limene ukufuna. Ukamupempha adzayenda patsogolo mwakachetechete, ndipo ukafuna kuswali adzakudikira. Akuluakulu adati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Inunso makolo, mwana akabwera kudzatsanzika musangoti ayi. Mwana woletsedwa popanda chifukwa amapita mozemba, ndipo wopita mozemba ndi amene sauza munthu njira yake. Mufunseni kuti akwera ndi yani, agona kuti, watenga chofunda chanji, atsika liti. Akayankha bwino, mupempherereni dua, apite.

Tisiye phiri monga talipezera

Pali chinthu chimodzi chimene chimamanga nyanja yathu ndi phiri limeneli, ndicho mkungudza. Mtengo umenewu, umene ndi mtengo wa fuko lathu, kwawo kwachilengedwe ndi pa phiri la Mulanje pokha. Matabwa ake amanunkhira, chiswe sichiwadya ndipo saola msanga m'madzi, n'chifukwa chake ena mwa iwo ankatsikira kunyanja kudzakhomera maboti a asodzi. Ngakhale boma lidateteza nkhalangoyi kuyambira 1927, kudula mozemba ndi moto zidaumaliza mtengowu, moti kalembera wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu yosakwana khumi. Kuyambira pamenepo anthu a m'midzi yozungulira, pamodzi ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi a zankhalango, akhala akufesa ndi kubzala mbande zambirimbiri pamwambapo, koma mkungudza umatenga zaka makumi angapo kuti ukule.

Ife tidaona momwe chambo chidachepera m'nyanja ya Malombe maukonde a maso aang'ono atachuluka, ndiye nkhani imeneyi sitifunika kuimasuliridwa. Wina akakutsatsani thabwa kapena kabokosi konunkhira ka mkungudza, musagule. Musayatse moto patchire, musathyole mbande, ndipo mapepala ndi mabotolo anu mutsike nawo.

Mukabwerako, Insha Allah, sonkhanitsani ana a pakhomo ndi a kumadrasa muwafotokozere za tiyi, za Fort Lister, za madzi ozizira ndi za munthu amene adakutsogolerani m'nkhungu. Ndipo tsiku lina mlendo akadzafika padoko panu n'kufuna kupalasa yekha mwera uli pafupi, mudzamuletse mofatsa ndi moleza mtima, pokumbukira kuti inunso kwa eni ake adakugwirani dzanja.

Allah awasunge onse a paulendo, apamadzi ndi apamtunda, ndipo awabweze kwa mabanja awo ali amoyo. Tikumanenso m'kope likudzali.